Dzanja la Vinka Pamsana pa Kuzma

Vinka anabadwira kumtunda, kumiyala ya kuseri kwa Drniš, ndipo madzi ambiri amene anawaonapo ali mtsikana anali a m'chitsime chomwetsa nkhosa. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa anthu a pa Skradin pano ndi apakamwa, akayamba kumukamba amaiwala kumene anachokera. Ine ayi. Ndinali mboni pa ukwati wake ndi Kuzma, n'chifukwa chake mpaka lero iye amanditcha kume, ine ndimamutcha kuma. Ndinamuona tsiku lake loyamba kukwera boti, atavala nsapato za kutchalitchi, atakakamira chitsulo ndi manja onse awiri, akusanza mpaka ndulu. Ndinauza Kuzma kuti mkaziyu amubweze kwa nkhosa zake asanafe. Anandiyankha kuti ndisamale zanga.

Kuzma analibe boti, ngakhale kabwato kowedzera. Ntchito yake inali yosamutsa maboti a eni. Anthu achuma a ku Austria ndi ku Zagreb amagula zimaboti za injini ziwiri, n'kusewera nazo m'nyengo yotentha, tchuthi chikatha n'kuzisiya pamene chawathera, kaya ndi padoko la ku Jezera, kaya ku Rogoznica, kaya ku Biograd. Ndiye pamafunika munthu wozikweza mtsinje wa Krka kudzafika kwathu kuno, chifukwa madzi athu opanda mchere amapha ndere ndi tinkhono tomata kunsi kwa boti. Kukayamba kufunda, munthu yemweyo amazitsitsanso kunyanja. Kuzma ankayenda ndi makiyi a eni m'thumba ngati maboti onsewo ndi a bambo ake, ndipo Vinka ankayenda naye ulendo uliwonse.

Kwathu kuno mwamuna amakhala pachiwongolero, mkazi pazingwe. Palibe amene anakhazikitsa lamuloli, tinangolipeza. Boti limalowa padoko chambuyo, m'kampata ka pakati pa maboti awiri, ndipo jeti yonse, pamene timamangirira maboti paja, imasiya zimene ikuchita n'kumaonerera. Ine ndagwira ntchito yolandira zingwe pajeti imeneyo mpaka maondo anandikana, ndiye ndikudziwa zimene ndikunena. Pali nkhalamba zimene zimakhala pamipando ya kunja kwa malo omwera khofi kuyambira m'mawa, timangozitcha khoti. Munthu atha kukhala bambo wabwino, wopemphera, wolera ana ake bwino, koma akangokanda boti la mnzake polowa, khoti lidzakumbutsana nkhaniyo ngakhale pamaliro ake. Limaseka aliyense. Ukalowa bwino limati mphepo yakuthandiza, ukalowa moipa limakufunsa ngati chiphaso unachitola pamsewu. N'chifukwa chake amuna amakalipira akazi awo polowa. Mantha amatulukira pakamwa.

Kuzma anali katswiri pa zonse ziwiri, kulowa ndi kukalipa. Boti lotalika ngati basi ankalilowetsa m'kampata koti iwe sungadutse ndi wilibala, kwinaku akufuula kuti mbusa wa nkhosa uja ali kuti, chingwe chija akuchiyamwitsa kodi. Vinka sankayankha. Ankaponya, n'kumanga, n'kukonza mipira yotchinga m'mbali, basi. Tsiku lina zinandiwawa, ndinamufunsa kuti amapiririranji mwano wotere pamaso pa anthu. Anangoseka, nati ndidzabwere kunyumba kwawo ndidzaone amene amasenda mbatata ndi kutsuka mbale. Anati mwamuna wake ali ndi chinthu chimodzi chokha padziko lapansi, ndicho kamphindi kaja kolowa padoko, ndipo iye sangamulande chifukwa cha mawu.

Kenako kukalipa kunatha. Sindikumbuka kuti ndi chaka chiti, tinangozindikira kuti boti la Kuzma likulowa phee, Vinka ataima kumbuyo kwake, dzanja lili pamsana pa mwamuna wake ngati anthu ongokwatirana kumene. Boti likatsala pang'ono kugunda jeti m'pamene ankathamangira kuzingwe, ndipo zingwezo zinkandipeza mochedwa. Ine zinkandipsetsa mtima kwabasi. Khoti ndiye linapeza chakudya, likumuitana kuti barba monga timaitanira achikulire kwathu kuno.

“Barba Kuzma, chikondi chabwera ndi imvi eti?”

“Nsanje ikuphani,” ankatero Kuzma. “Inu akazi anu anasiya kukugwirani kalekale.”

Anayambanso kuvala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo, ndipo sankapatsa munthu moni mpaka munthuyo atayamba kulankhula. Ine ndinkati ndi matama a ukalamba.

M'mwezi wa Okutobala, mphesa zitakololedwa, Vinka anabwera kwanga dzanja lamanzere litamangidwa nsalu. Anali atagwa pamasitepe. Anati kwatsala boti limodzi ku Jezera, la dokotala wa mano wa ku Austria, ndipo ndi dzanja limenelo sangathe zingwe, ndiye ndiwaperekeze. Ndinavomera ndisanaganize, chifukwa kukhala pakhomo kunali kutandikwana. Potuluka anatembenuka pakhomo nati, “Kume, zimene ukaone zikakhale zako.” Ndinaganiza kuti mwina dokotalayo amabisa mowa kapena chibwenzi m'botimo.

Tinapita pabasi m'mamawa. Kuzma sanandilankhule njira yonse, nkhope ili gwaa, ndipo zinali zoonekeratu kuti kubwera kwanga sikunali kufuna kwake. Ku Jezera analiza injini, ine ndinamasula zingwe, ndipo anatulutsa botilo mokongola monga kale, dzanja la Vinka lili pamsana. Wapadoko anatikwezera dzanja. Koma titangokhota kuseri kwa phiri, pamene doko silinkaonekanso, Kuzma anasuntha, Vinka n'kulowa pachiwongolero. Anavala magalasi ake owerengera, n'kukankha zogwirira za injini ndi dzanja labwinolo, boti n'kudzutsa mphuno. Ine kukamwa kunali yasa. Ndinati mwina akundiseweretsa.

Kuzma anakhala pabenchi, navula magalasi akuda aja. Sanayang'ane kumene ndinali, anayang'ana pambali panga pang'ono.

“Bartul, shuga wandidya maso,” anatero. “Ndimaona kuwala ndi mdima. Iweyo ndikukuona ngati thumba la makala.”

Anati madokotala anayesa, zinakanika, sizibwereranso. Anati eni maboti akangomva, palibe amene adzamupatsenso kiyi, ndipo khoti likangomva, iye watha. Kodi azikakhala pakhonde ngati mphaka? Ine chisoni chinandigwira, koma mkwiyo unachipitirira. Ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda, kulowetsa zitsulo zolemera chonchi pakati pa anthu ndi maso a mkazi wake. Ndinamufunsanso Vinka kuti iyeyo, munthu wanzeru, walola bwanji zopusa ngati zimenezi. Sanachotse maso panyanja. Anati zonse zimene ndikunenazo iwo anazikamba kale mpaka pakamwa kuuma, ndipo Kuzma analonjeza kuti chino ndi chaka chomaliza. Kenako anawonjezera kuti chaka chatha analonjezanso chimodzimodzi. Kuzma anakhosomola.

Koma abale, ndinene zoona, mmene ankayendera anthu awiriwa zinali zopatsa chidwi. Kuzma anali ndi nyanja yonseyo m'mutu. Atakhala pabenchi paja ankauza Vinka kuti tsopano tayandikira Tribunj, katchalitchi kali paphiri kumanzere, asayandikire kwambiri chifukwa pali miyala. Ankamva mafunde m'mapazi n'kunena kuti atsitse moto pang'ono, boti likumenya mimba. Vinka ankayendetsa atatulutsa kansonga ka lilime, ngati munthu wolowetsa ulusi m'singano, ndipo Kuzma akalakwitsa malo ankamuuza mosanyengerera kuti tadutsa kale pamenepo, agone. Mkazi uja wosanza mpaka ndulu! Ndinamufunsa kuti anaphunzira liti. Anati zaka zonse zimene anaima kumbuyo ndi chingwe sanali kuwodzera.

Tinapatukira ku Vodice kukamwetsa mafuta. Tisanafike pakhoma lotchinga mafunde anasinthana msangamsanga, Kuzma n'kuvala magalasi, n'kuimirira mowongoka. Apa m'pamene ndinaona ntchito ya dzanja lija. Vinka akakanikiza phewa lamanja, Kuzma ankakhotera kumanja. Akakanikiza lamanzere, kumanzere. Akatsitsa chikhatho pakati pa msana, ankabweza moto. Zina zonse, kulemera kwa boti, mmene likutengekera, nthawi yolisiya liziyenda lokha, zinali m'manja mwa Kuzma, ndipo botilo linakhudza jeti mofewa ngati mwana akugonekedwa. Wothira mafuta, bambo wina wadazi, anati masiku ano kulibenso wolowa ngati barba Kuzma, achinyamatawa amangodalira makina. Ndinaona chifuwa cha mnzangayo chikukwera. Ndinamvetsa kuti chimene chinkamudyetsa si malipiro a dokotala wa mano ayi, ndi mawu ngati amenewa. Zinandikwiyitsabe, koma ndinamvetsa.

Titatuluka, Vinka anatenganso chiwongolero. Tinadutsa linga lakale la pakamwa pa ngalande, n'kulowa pakati pa matanthwe, n'kutulukira kutsogolo kwa Šibenik. Pamenepo Kuzma anamuuza kuti ayende chapakati, kutali ndi gombe, kuopa kuti wina angazindikire amene akuyendetsa. Kupitirira mlatho, mtsinje umadzaza ndi migolo yoyandama ya anthu oweta nkhono zam'madzi, ndipo umayenera kukwawa, apo ayi mafunde ako awasokonezera zingwe, akutukwane mpaka agogo ako. Tinadyera pomwepo buledi, tchizi ndi tinsomba tamchere. Kuzma anapempha vinyo wothira madzi, Vinka anamuthirira madzi ambiri, iye n'kudandaula kuti maso ndi amene anafa, osati lilime. Tinaseka tonse atatu. Ndi kuseka komaliza kumene ndikukumbuka kwa tsiku limenelo.

Titalowa m'nyanja yaing'ono ya Prokljan, Kuzma anatembenuza tsaya nati yayamba. Inali bura, mphepo yathu ya kumapiri, imene siwomba mosalekeza koma imabwera mwa makofi. Imakhala zii, kenako n'kukumenya, madzi n'kuchita utsi. M'chigwa chopita ku Skradin ndimo imakonda kutsikira. Ndinati tiponye nangula pamalo obisika tidikire kuti itope, kapena tikagoneke boti ku Zaton tidzamalize mawa. Vinka anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti nayenso akufuna zomwezo.

Kuzma anakana kwamtuwagalu. Tsiku limenelo amuna a pa Skradin ankaphika mpunga wathu uja wa nyama ya thole, umene amuna okha amautakasa kuyambira mbandakucha, potsekera nyengo ya alendo. Tauni yonse ikhala pajeti. Anati ngati kuno n'kulowa kwake komaliza, alowe anthu akuona, mphepo ikuwomba, kuti khoti lisadzanene kuti Kuzma anathawa bura. Akatero apachika makiyi yekha, adzanena kuti watopa, ndipo palibe adzadziwe za maso mpaka kalekale.

“Kamodzi kokha, Vinka,” anatero. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

Vinka anati chabwino. Ine ndinatukwana chamumtima, n'kupita kutsogolo kukakonza mbedza, ndodo yokowera zingwe.

Anasinthana tisanakhote komaliza, pansi pa mlatho wautali. Titakhota, Skradin anaonekera, nsanja ya tchalitchi, bango, utsi wa mphika ukuthamangitsidwa ndi mphepo, ndi anthu atadzaza jeti. Jerko, amene analowa m'malo mwanga pantchito, anatilozera kampata kathu, pakati pa boti la matanga ndi lina lakale lamatabwa. Kuzma anatembenuza boti, n'kuyamba kubwerera chambuyo m'kanjira kopapatiza ka pakati pa majeti awiri. Ndinamva khoti likuyamba kale. Wina anafuula kuti akwati aja afika.

Ndiye bura inamenya. Boti linayamba kutengeka cham'mbali, zimene Kuzma akanazikonza ndi moto wa injini mosavuta. Koma kumene linkatengekerako kunali kampira kofiira koyandama, ndipo pambali pake madzi ankachita thovu. Anali Dujam, amene chaka chilichonse nyengo ikatha amalowa pansi pa madzi ndi botolo la mpweya kumsana kukayendera maunyolo omangira maboti. Munthu wamaso akanamuona patali n'kumulambalala. Ife tinkapita pa iye chambuyo, kumene kuli zitsulo zopalasa madzi zija, zimene zimadula chingwe chokhuthala ngati mpeni kudula soseji. Jerko anayamba kukupiza manja. Anthu ankaganiza kuti Kuzma waona, ndi Kuzma uja.

Vinka anaona. Ndinali pafupi moti ndinamva zonse. Anakanikiza phewa, Kuzma anakhota, koma dzanja limachedwa ndi mpweya umodzi, ndipo mpweya umodziwo panalibe.

“Kuzma, muli munthu m'madzi. Dujam.”

“Kuti?”

“Choka.”

“Vinka, onse ali pano. Ndikuwamva.”

“Ndikudziwa. Choka.”

Kuzma anachotsa manja pachiwongolero. Sanakankhidwe, ndikufuna zimenezi zidziwike, chifukwa ena amanena zabodza. Anachotsa yekha, n'kusuntha. Vinka anabweza zogwirira zonse pakati kuti zitsulo zija ziime, boti linayandama mpweya umodzi likutengekabe, kenako anakankha injini imodzi kutsogolo ndi dzanja lomangidwa lija, ndipo ndinamva akubuula. Kumbuyo kwa boti kunakhota, kampira kofiira kanadutsa pambali pathu moti ndikanakagwira ndi mbedza. Anadikira kuti mphepo ipume, n'kubwereranso chambuyo. Sanalowe mokongola ayi. Analowa mopendekera, ndipo tinakanda utoto wa boti lamatabwa lija, phokoso lake kweee, lomveka mpaka kutchalitchi. Koma analowa.

Ine ndinali kutsogolo, ndikukoka chingwe cha pansi pa madzi. Kumbuyo kunalibe munthu, ndipo mphepo inayambanso kutikankha. Nditacheuka ndinaona Kuzma akutsika masitepe akupapasa chitsulo. Anafika kumbuyo, pamalo a Vinka, n'kugwada, n'kupapasa pansi mpaka anapeza chingwe. Anachikulunga m'dzanja monga ankaphunzitsira ena, n'kuimirira moyang'anana ndi jeti yonse. Akanatha kungoponya mwachisawawa, anthu akanati mphepo yasokoneza. Sanatero.

“Jerko,” anaitana, “lankhula, ndimve pamene uli.”

Pajeti panali zii. Ngakhale wotakasa mpunga anaimitsa mthiko.

“Ndili pano, barba,” anatero Jerko.

Chingwe chinamugwera pachifuwa penipeni. Chachiwirinso chimodzimodzi. Jerko anamanga, ine ndinamanga kutsogolo, injini zinazima. Dujam anatumphuka patapita kanthawi, n'kuvula chophimba kumaso, n'kufunsa ngati mpunga wapsa. Palibe anamuyankha, ndipo anayang'ana uku ndi uku osadziwa chimene walakwa.

Vinka sanatsike. Ndinakwera kukamupeza ataimabe pachiwongolero, atagwira dzanja lopweteka lija, misozi ikutsika, koma nkhope ili yaukali ngati akufuna kumenya munthu. Ndinamuuza kuti wapulumutsa mwana wa eni, kuti mkazi wa Dujam ayenera kudzamupsompsona mapazi.

“Usandiyamikire, kume,” anatero. “Zaka zonsezi ndamufunditsa, lero ndamuvula ndekha pamaso pa anthu.”

Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe, chifukwa anachita chinthu choyenera ndipo panalibe chokoma chilichonse m'menemo. Iye ankadziwa bwino kuti makiyi sadzabweranso, kwa Kuzma kapena kwa iye, mayi wachikulire wopanda chiphaso. Koma si makiyiwo ankalirira.

Jerko anayala thabwa lowolokera. Kuzma anaima pamphepete pake osasuntha, ndipo Vinka atamuona anapukuta nkhope ndi nsalu ya padzanja, n'kutsika. Anamugwira pachigongono. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi chikwama cha chakudya. Pajeti anthu anali atapatuka kusiya njira. Nkhalamba za khoti, zimene zinaseka ansembe, apolisi ndi alendo a mayiko onse, zinali zitaweramitsa mitu m'makapu a khofi. Mwini boti lamatabwa anaima pafupi ndi utoto wake wokandikawo, manja m'thumba, akuyang'ana kumapiri ngati palibe chachitika.

Kuzma anapendeketsa mutu, akumvetsera. Kenako anafunsa chapansipansi.

“Akuseka?”

Vinka anayang'ana jeti yonse, kuyambira kumphika mpaka kumipando. Ndinaona kuti akufuna kunama, koma mwamuna wakeyo makutu anali nawo.

“Ayi,” anatero.

“Ngakhale za utotowo?”

“Ngakhale za utotowo.”

Kuzma anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

“Ndiye kuti zathadi,” anatero, n'kuponda pathabwa.